Mzere wa Kusikelo Ukakana Kukwera

Pa zaka zoposa 10 zimene ndatumikira m'dipatimenti ya zaumoyo pampingo wathu, phunziro limene ndabwereza kwambiri ndi la mchere. Ndaliphunzitsa masana a Sabata, kwa amayi a Dorika, ngakhalenso kumsonkhano wa misasa. Ndimauza anthu kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera pamodzi ndi wobisika m'buledi ndi m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi. Uphunguwu ndi woona, ndipo amene timayeza anthu BP timaona ndi maso athu kufunika kwake. Koma alipo ana ochepa kwambiri amene impso zawo zimalephera kusunga mchere. Kwa iwowa mchere ndi mankhwala, ndipo akausowa sakula. Ndinadziwa za ana oterewa kudzera m'banja lina la mumpingo mwathu, limene landilola kufotokoza nkhani yawo popanda kutchula mayina.

Mwana wathanzi amatsika pang'ono sikelo masiku oyamba, koma pofika masabata 2 amakhala atabwerera pomwe anabadwira. Pofika miyezi 5 kapena 6 kulemera kwake kumakhala kutawirikiza kawiri, ndipo akamakwanitsa chaka kumakhala kutawirikiza pafupifupi katatu. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amalemba kadontho m'buku la kusikelo mwezi uliwonse. Madontho aja akalumikizidwa amapanga mzere, ndipo mzerewo uyenera kumakwera.

Mzere ukaima, zifukwa zake nthawi zambiri ndi zodziwika: chakudya chosakwanira, kutsegula m'mimba kobwerezabwereza, malungo, chifuwa chachikulu, kapena HIV. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osafika zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira. Pamene vuto lili lalikulu chonchi, n'zomveka kuti wachipatala akaona mwana wowonda amayamba waganiza za chakudya, ndipo kawirikawiri amakhala akulondola. Chovuta chimabwera pa mwana mmodzi uja amene chakudya akulandira, matenda odziwika alibe, koma mzere wake sukukwerabe.

Mayi amene ndikunena anali ndi ana awiri athanzi asanatenge pathupi pachitatu. Pofika miyezi 6 mimba inali itakula kwambiri moti anthu ankati ndi mapasa. Atawajambula kuchipatala anapeza mwana mmodzi yekha, koma madzi amene mwana amakhalamo anali ochuluka mopitirira. Mayiwo ankapuma movutikira, ndipo matenda anayamba mwezi wachisanu ndi chitatu usanathe. Kunabadwa mwana wamkazi wolemera makilogalamu 2, amene anakhala masiku angapo kuchipinda cha ana obadwa masiku osakwana asanatulutsidwe.

Nditapita kukaona mwana, chimene chinandigwira maso chinali chingwe choyanikira zovala. Chinali chodzaza ndi matewera kuyambira pamtengo wa mango mpaka pakhitchini, ndipo ena anayalidwa pa udzu.

"Amayi, matewera onsewa ndi a mwana mmodzi?" ndinafunsa.

"Eya, achemwali. Ndikangomusintha, sipapita nthawi wanyowetsanso. Achimwene akewa sankatere ayi."

Mwanayo ankayamwa ngati sakhuta. Ankabwezanso mkaka pafupipafupi, liwombo lake limalowa m'kati nthawi zina, ndipo chimbudzi chinkamuvuta masiku angapo. Atakwana miyezi 6 anayamba phala, mayi ake n'kumathiramo nsinjiro, soya ndi masamba osinja monga momwe timaphunzitsira. Kusikelo sanajombepo. Koma pa miyezi 9 anali ndi makilogalamu 5 okha. Anamuyeza HIV, anamufufuza chifuwa chachikulu, zonse kunalibe. Anamuika pa chiponde, ndipo ankadya ndithu, koma sikelo inkangosuntha pang'ono n'kuimanso. Atayamba kukwawa, njira yake inali ya kundowa ya madzi. Tsiku lina anamupeza atatsegula kachitini ka mchere akunyambita zala.

Panthawi yonseyi pakamwa pa anthu sipanatsekedwe. Achibale ena anayamba kunong'ona za tsempho. Mukudziwa mmene nkhani imeneyi imayendera: akuti mwina bambo anayenda njira zamseri mwana ali wakhanda, mwina makolo anayambiranso za m'banja nthawi isanakwane, mwina mayi anathira mchere m'ndiwo pamasiku osayenera. Oyandikana nawo ena ankati chiponde amachigulitsa kapena amadyetsa ana aakuluwo. Ngakhale pakati pathu okhulupirira panamveka mawu akuti banjali silitsata uthenga wa zaumoyo. Agogo a mwanayo, pofuna kuthandiza, anabisa mchere pamwamba pa kabati n'kuletsa kuti asamapatsidwe madzi usiku, poganiza kuti madziwo ndiwo akudzaza m'mimba mpaka kulephera kudya. Mayi uja anasiya kubwera ku Sukulu ya Sabata. Ankafika ulaliki utayamba, n'kukhala kumbuyo kwenikweni, mwana atamufunditsa chitenje kuti anthu asamuone.

Zinthu zinasintha mwanayo atakwanitsa chaka ndi miyezi iwiri, pamene anatsegula m'mimba kwa tsiku limodzi lokha. Kwa mwana wina Thanzi ORS ndi zinki zikanakwanira. Iye analefukiratu, khosi osalimba, manja ndi miyendo zili lendee. Anathamanga naye kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko anamutumiza kuchipatala chachikulu. Dokotala wa ana anazindikira chinthu chachilendo: mwana anali wouma m'thupi, koma ankakodzabe kwambiri. Mwana amene madzi amuthera amakodza pang'ono, chifukwa impso zimaumira madzi otsalawo. Anayeza michere ya m'magazi n'kupeza kuti potaziyamu ndi kolorayidi zinali zotsika kwambiri. Anayezanso mkodzo n'kupeza kuti mchere ukutuluka wambiri, pamene thupi linkausowa. Atafunsa za mimba ija ndi kumva za madzi ochuluka komanso kubadwa masiku asanakwane, anauza makolowo kuti zizindikiro zonse zikuloza ku matenda otchedwa Bartter syndrome.

Mayiwo anandipempha kuti ndiwaperekeze paulendo wotsatira, kuti tikamve awiri zimene adokotala akanene. Zimene ndinamva tsiku limenelo, pamodzi ndi zimene ndawerenga pambuyo pake, ndiyesa kuzifotokoza m'chinenero chathu.

Impso iliyonse ili ndi tinthu tosefa magazi pafupifupi 1 miliyoni. Mwa munthu wamkulu, impso zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 patsiku, omwe ndi zigubu 9 za malita 20. Koma mkodzo umene timatulutsa ndi lita imodzi ndi theka kapena malita 2 basi. Madzi enawo amabwerera m'magazi. Zili ngati mayi amene wakhuthulira nyemba zonse pamphasa, kenako n'kutola zabwino kubwezera m'thumba, n'kusiya zofumbwa ndi timiyala. Impso nazo zimayamba zakhuthula madzi, mchere ndi zoipa pamodzi, ndipo pamene zonsezi zikuyenda m'timachubu ting'onoting'ono, zimatola mchere kubwezera m'magazi. Madzi amatsata mchere. Komwe mchere wapita, madzi amapitanso komweko.

Pali chigawo china cha kachubu kameneka, chopindika ngati ndodo ya ambulera, chimene chimabweza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a mchere wonse wosefedwa. Mwa mwana wa Bartter, tizitseko tolowetsa mchere pachigawo chimenechi sitigwira ntchito bwino chibadwire. Mchere umangodutsa n'kukatuluka ndi mkodzo, madzi n'kuutsata. Amene munasamalirapo wodwala wotupa miyendo mukuwadziwa mapiritsi a Lasix, okodzetsa aja. Mapiritsi amenewa amatseka dala tizitseko tomweti. Mwana wa Bartter ali ngati munthu amene akumwa Lasix usana ndi usiku kuyambira ali m'mimba.

Pamenepa zonse zija zinayamba kumveka. Miyezi yomaliza ya pathupi, madzi ambiri amene mwana amakhalamo ndi mkodzo wake womwe. Mwana wokodza kwambiri amadzaza chiberekero, ndipo chikatamuka kwambiri matenda amayamba msanga. Matewera osatha aja, ludzu lija, kunyambita mchere kuja, linali thupi likufunafuna zimene likutaya. Thupi likaona kuti mchere ukutha limayesa kuupulumutsa kumapeto kwa kachubu kaja, koma limachita zimenezi posinthanitsa ndi potaziyamu, ndiye nayenso amatayika. Potaziyamu ndi amene amathandiza minofu, matumbo ndi mtima kugwira ntchito. Akachepa, mwana amafooka, amadzimbidwa, ndipo zikafika poipa mtima umagunda mosokonekera. Kukula nakonso kumafuna mchere ndi madzi okwanira m'thupi. Mwana amene m'mimba mwadzaza madzi chifukwa cha ludzu, amene akusanza, amene thupi lake likulimbana ndi kuuma tsiku lililonse, sangakule ngakhale phala litakhala labwino chotani.

Matendawa anatchedwa dzina la dokotala wa ku America, Frederic Bartter, amene pamodzi ndi anzake anawafotokoza koyamba mu 1962. Ndi osowa zedi: akuyerekezedwa kuti amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 1 miliyoni. Ali m'mitundu ingapo. Ina imayamba mwana ali m'mimba, ina imaonekera ali wakhanda kapena atayamba kuyenda. Mitundu ina imatayitsanso kashiamu mumkodzo, amene amatha kuunjikana m'impso, ndipo mtundu wina umabwera pamodzi ndi kusamva. Palinso matenda ofanana nawo amene anafotokozedwa ndi Hillel Gitelman mu 1966. Amenewa amapezeka mwa anthu ochulukirapo, pafupifupi mmodzi mwa 40,000, koma ndi ocheperako mphamvu, ndipo kawirikawiri amadziwika mwana atakula kapena ali wamkulu kale, chifukwa cha kutopa, kukokana kwa minofu ndi kulakalaka zamchere.

Funso loyamba limene bambo a mwanayo anafunsa linali lakuti, "Adokotala, kodi wabweretsa matendawa ndani, ine kapena mayi akewa?" Yankho linali lakuti onse awiri, komanso palibe wolakwa. Munthu aliyense amatenga malangizo a kapangidwe ka thupi lake awiriawiri, amodzi kwa bambo, ena kwa mayi. Pamitundu yambiri ya Bartter, munthu amene ali ndi langizo limodzi lolakwika ndi lina labwino sadwala, ndipo sadziwa n'komwe kuti analinyamula. Anthu awiri oterewa akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa mipata 4 woti mwana atenge olakwikawo mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake ana awiri oyamba anali athanzi, ndipo n'chifukwa chakenso mimba ina ikadzabwera iyenera kudzayang'aniridwa kuchipatala kuyambira pachiyambi. Mu 1996 akatswiri a ku yunivesite ya Yale, motsogoleredwa ndi Richard Lifton, anapeza ena mwa malangizo enieni amene amalakwika pamatendawa. Si chimo la makolo, si chakudya chimene mayi anadya ali woyembekezera, si mchere wothiridwa m'ndiwo patsiku lolakwika. Bamboyo atamva zimenezi anakhala chete nthawi yaitali. Anali atatha miyezi yambiri akuyang'anidwa ndi diso lokayikira ndi abale ake omwe.

Matendawa sachizika, koma amasamalika. Mwanayo anamulembera mchere wowonjezera woyezedwa molingana ndi kulemera kwake, mankhwala a potaziyamu omwa kangapo patsiku, komanso lamulo loti asamanidwe madzi, usana kapena usiku. Madokotala amaperekanso mankhwala a gulu la Indocid kapena Brufen, chifukwa amachepetsa kutayika kwa mchere ndi madzi ndipo amathandiza ana ambiri kuyamba kukula. Koma mankhwala omwewa amatha kuwononga m'mimba ndi impso, makamaka mwana akauma m'thupi, choncho amaperekedwa moyang'aniridwa ndipo magazi amayezedwa pafupipafupi. Makolowo anauzidwanso kuti kusanza kapena kutsegula m'mimba, ngakhale kwa maola ochepa, ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

Apa ndiyenera kunena mwamphamvu, chifukwa ndikudziwa mmene uphungu umasinthira ukamayenda pakamwa ndi pakamwa. Musathire mchere m'phala la khanda lowonda chifukwa mwawerenga nkhaniyi. Impso za khanda sizinakhwime, ndipo mchere wochuluka ukhoza kulipha. Musagulenso Indocid kapena Brufen pagolosale kuti mwana anenepe. Palinso chifukwa china. Si ana onse otaya mchere amene amataya potaziyamu. Ena amataya mchere chifukwa cha vuto la tiziwalo ting'onoting'ono tokhala pamwamba pa impso, ndipo amadwala mwadzidzidzi pa sabata yachiwiri kapena yachitatu chibadwire. Ena impso zawo sizimvera uthenga wochokera ku tiziwalo timeneti, nthawi zina chifukwa cha matenda a m'njira ya mkodzo amene amachizika. Ana amenewa potaziyamu wawo amakwera m'malo motsika, ndipo kuwaonjezera ndi ngozi ya mtima. Kunja onsewa amaoneka mofanana: owonda, osanza, ofooka. Chimene chimasiyanitsa ndi kuyeza magazi basi.

Mwana uja atayamba chithandizo, mzere wake unayamba kukwera patatha miyezi iwiri. Anayenda mochedwa, ali ndi chaka ndi miyezi 8. Lero ali ndi zaka 4. Ndi wamfupi poyerekeza ndi anzake, amayenda ndi botolo la madzi kulikonse, ndipo usiku amadzukabe kangapo. Koma amathamanga, amakangana ndi achimwene ake, ndipo m'kalasi ya ana amayankha mokweza kuposa onse. Aphunzitsi a kalasiyo anauzidwa kuti akapempha madzi kapena kupita kuchimbudzi asamudikiritse.

Katundu wa banjali sanathe. Ulendo wa kuchipatala chachikulu ndi ndalama, ndipo pali miyezi imene mankhwala a potaziyamu amafunika kugula. Mutu umodzi susenza denga. Amayi a Dorika anagwirizana zosonkha ya minibasi pamasiku a kuchipatala, ndipo ena amasinthana kusamalira ana aakuluwo mayi akachoka. Agogo aja, amene anabisa mchere chifukwa cha chikondi, ndi amene tsopano amakumbutsa nthawi ya mankhwala. Tsiku lina pachakudya cha pamodzi cha masana a Sabata, mlongo wina wachilendo ataona mayi uja akuwaza mchere pa ndiwo za mwanayo anayamba kumudzudzula. Agogowo ndi amene anayankha: "Musiyeni, mayi. Ameneyu mchere wake analemba ndi adokotala."

Phunziro langa la mchere ndimaliphunzitsabe monga kale, chifukwa ambiri a ife tikufunikadi kuchepetsa. Ndinangowonjezerapo chiganizo chimodzi kumapeto, chakuti amene adokotala anawauza zosiyana atsate za adokotala, ndipo ena tonse tisawaweruze. Malamulo a thanzi anapangidwira kusunga moyo, ndipo pali matupi ena amene moyo wake umasungika mwa njira ina.

Kwa inu amayi ndi abambo amene mwana wanu sakukwera sikelo, yambani ndi zodziwika zija. Pitirizani kuyamwitsa, tsatani uphungu wa zakudya, lolani kuti ayezedwe HIV ndi chifuwa chachikulu, ndipo akapatsidwa chiponde adye yekha. Ana ochuluka kwambiri amachira ndi zimenezi. Koma ngati mwachita zonsezi mokhulupirika kwa miyezi iwiri kapena itatu ndipo mzere sukusuntha, bwererani kuchipatala ndi buku lija m'manja, mukafotokoze zinthu zimene wachipatala sangazione pa sikelo. Nenani ngati munali ndi madzi ochuluka muli woyembekezera, komanso ngati mwana anabadwa masiku asanakwane. Werengani matewera amene amanyowetsa pa tsiku limodzi lathunthu, usiku womwe, mukatchule nambala yake. Nenani za ludzu, kusanza, kudzimbidwa ndi kufunafuna mchere. Nenani ngati akukodzabe kwambiri pamene pakamwa pauma ndi liwombo lalowa. Nenani ngati sadzidzimuka kukamveka phokoso. Nenaninso ngati m'banja mwanu munatayikapo khanda lina mosadziwika bwino, kapena ngati inu makolo muli pachibale. Kenako funsani mwaulemu ngati n'kotheka kuyeza michere ya m'magazi, kapena kutumizidwa komwe amayeza. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu ndiko kumatumizidwa ana amene matenda awo avuta kuwazindikira.

Ndipo kwa ife amene timaona mwana wowonda ali kumsana kwa mayi wa pabenchi lakutsogolo kwathu, funso lothandiza ndi lakuti, "Kodi kuchipatala akuti chiyani, nanga tsiku lobwererako ndi liti?" Ngati n'kotheka, muperekezeni. Mayi amene wanenedwa kwambiri amayamba kubisa mwana, ndipo mwana wobisidwa safika kwa dokotala amene akanayeza magazi ake.